Ana Opakidwa Makala

MUTU 6

1. Chingwe

Anthu a kanema anamanga chingwe chawo kuyambira pamtengo wa magetsi mpaka pageti la fakitale yakale ya sopo. Mkati mwa chingwecho munali malole awiri, jenereta, nyale zazikulu ngati mabeseni, ndi mawaya okwawa paliponse. Kunja kwake kunali dera lonse, litaima pafumbi kuonerera.

Mwa ana onse otola mabotolo pamtaya, Tsabola yekha ndiye ankadutsa pansi pa chingwecho popanda womufunsa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa pakamwa pake panali powawa. Anthu a kanema atabwera kudzafuna mtsikana woti akhale mwini nkhani, anamupeza akukalipira dalaivala wa lole ya zinyalala amene anatsala pang'ono kuponda mwana. Sanafunenso wina.

Kanemayo anali wa ana osauka amene atulukira kuti mkulu wina akuba mankhwala a kuchipatala n'kumagulitsa. Amawaopseza, amawathamangitsa, koma anawo safooka. Tsabola anali atajambulidwa kale kwa masabata angapo, akuthawa padenga, akubisala mumgolo, akulira pakhomo la chipatala.

Lamulo anamupatsa limodzi. Tsitsi lake lalitali, lofiirira ndi dzuwa la pamtaya, lisakhudzidwe. Asalipese, asaliluke, asalimete. Anthu a kanema sajambula nkhani mwa ndondomeko yake. Amatha kuyamba ndi za kumapeto n'kumalizira za pachiyambi, choncho mutu wa lero uyenera kufanana ndi wa dzulo.

Panalinso lonjezo. Eni kanema ananena pamaso pa anthu kuti mwana aliyense wa pamtaya amene aoneke m'kanemamo adzamulipirira sukulu mpaka amalize. Ndipo lero ndilo linali tsiku la anawo. Ankayenera kuguba onse pambuyo pa Tsabola kupita pageti la wakuba uja.

Tsabola anafika atagwira dzanja la mng'ono wake, Jekete. Kamtsikanaka kanali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakatchula choncho chifukwa ka jekete la malemu bambo awo, limene kankavala kuzizire, kutenthe, manja ake atapindidwa katatu, waya ali m'malo mwa mabatani. Koma lero kanalibe jeketelo. Dzulo lake mayi wazovala wa kanema anazungulira pamtaya kutolera zovala za ana, nati akazikonzere kamera. Aliyense anamupatsa sikipa yoyera kuti ayambe wavala. Jekete analira popereka. Tsabola ndiye anamunyengerera, nati mawa dziko lonse lidzaona jekete la ababa.

Pambuyo pa awiriwa panali ana ena a pamtaya, onse m'masikipa oyera, nkhope zosambidwa.

Pachingwe panaima mnyamata wa mapewa ngati chitseko, mmodzi wa anyamata a Tcheya wa deralo.

"Iwe lowa," anatero Wachingweyo. "Enawa abwerere."

"Awa ndi ana a kanema, achimwene. Lero ndi tsiku lawo."

"Ana a kanema afika kale. Si awo?"

Tsabola anayang'ana kumene analozako. Pambali pa lole panali benchi, ndipo pabenchipo panakhala ana a masaya osalala. Mayi wazovala ankawapaka makala osinja m'masaya, m'khosi ndi m'miyendo. Pansi pa benchi nsapato zawo zinali zitandandalikidwa bwinobwino, masokosi ali mkati.

Anawadziwa onse. Uyo mwana wa mlamu wa a Tcheya. Uyo wa mwini butchala. Awo awiri a mlembi wawo. Ndipo kumapeto kwa benchi kunakhala mwana wamkazi wa a Tcheya eniake, atatseka mphuno ndi zala ziwiri.

"Achemwali," Jekete anakoka dzanja la Tsabola. "Jekete langa ilo, wavala mwana wa a Tcheya."

A Tcheya anali wapampando wa dera. Iwo ndiwo ankanena amene agulitse pangodya iti, ndi amene atole mbali iti ya mtaya. Chilolezo chojambulira mumsewuwo chinadzera m'manja mwawo. Tsopano anali atakhala pansi pa ambulera pafupi ndi kamera, akumwa tiyi.

Mayi wina wogulitsa madzi anaika ndowa yake pansi. "Taonani mimba izo, anthuni! Njala ya kumene achokerako ndi yonenepetsa!"

Anthu anaseka, koma motsitsa. Wachingwe atatembenuka, kuseka kunatha.

2. Pansi pa mlatho

Kamera inkadikira kuti dzuwa lidutse denga la fakitale. Tsabola anasiya Jekete pachingwe n'kuthamangira kumlatho.

Amalume ake, amene analera awiriwa chimwalirireni makolo awo, ankasoka nsapato pamenepo. Anali ndi bokosi lamatabwa, kampando, ndi chitini cha guluu. Tsabola anawakhuthulira nkhani yonse ali chiimire, mawu akupondana. Iwo sanadzutse mutu mpaka atamaliza msoko.

"Khala pansi," anatero. "Ndati khala. Mkwiyo ukauimirira umakula."

Anakhala pabokosi.

"Mwanawe, zimene waonazo ine ndinaziona tsiku lomwe analengeza za sukulu lija. Pagwa nyama fisi safunsa kuti mwini ndani. Koma tamvera. Anthu a kanemawa ndi alendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Posachedwa apinda mawaya awo, akweza nyale zawo, apita. A Tcheya sapita. Mawa ali pompano, mkuja ali pompano, ndipo iwe udzafunabe kudutsa pamsewu wawo.

"Munthu uja samenya. Akanakhala womenya bwenzi zili bwino, chifukwa bala limapola. Iye amangoseka n'kudikira. Ndinali ndi mnzanga wowotcherera zitsulo, wa pakamwa ngati iwe. Anaimirira pamsonkhano n'kufunsa kumene kunalowera mapaipi a madzi a dera lino. Anthu anamuombera m'manja mpaka zikhatho kutentha. Lero ali kuti? Magetsi anamudulira. Obweretsa ntchito anatha mmodzimmodzi. Anasamuka masanasana atasenza chitseko pamutu, ana ali pambuyo. Mwa oomba m'manja aja palibe anamunyamulirako ngakhale mpando.

"Usatukwane ng'ona usanaoloke. Iwe uli pakati pa mtsinje. Sukulu yako ili m'manja kale. Maliza kanema, phunzira, ukhale munthu. Ukadzakhala munthu udzamukoka mng'ono wako. Ukagwa lero mugwa awiri, ndipo singano iyi singadzutse aliyense."

"Ndiye Jekete azitola mabotolo mpaka ine ndidzamalize sukulu?"

Amalume anatenga nsapato ina.

"Pofika nthawiyo adzakhala ali ndi mwana kumsana, amalume! Nanga anzake aja? Iwo adzawakoka ndani?"

"Sindinabale dera lonse."

"Avala jekete la ababa. Mwana wa a Tcheya. Atatseka mphuno."

Singano inaima. Amalume anayang'ana magalimoto odutsa kwa kanthawi. Kenako anabayanso chikopa.

"Ndanena," anatero.

Tsabola anaimirira n'kubwerera osatsanzika.

3. Mayi wazovala

Anapeza mayi wazovala m'lole, pakati pa zovala zopachikidwa. Anali mayi wonenepa wa tsitsi la imvi, mapini ali pakamwa, sizasi ikulendewera pachifuwa pa kachingwe ka m'khosi.

"Unali kuti? Vula, vala diresi lako la kanema. Mutuwo usaugwire."

"Munatinamiza."

Mayiyo analavulira mapini m'dzanja. "Samala pakamwa, ndine msinkhu wa amayi ako."

"Munati mukukakonza zovala. Munamuvula mwana jekete la bambo ake kuti mukaveke mwana wa mbava."

"Dzulo sindinkadziwa. Mulungu akuona. Andibweretsera anawo lero m'mawa, ndipo ine ndimaveka amene andibweretsera."

"Koma mukuona kuti si ana a pamtaya."

"Ndili ndi maso. Mwana wa pamtaya ndimupakirenji makala? Awa mapazi awo ndi ofewa ngati buledi. Mmodzi waponda kamwala walira, ati ndimuitanire amayi ake." Anapukusa mutu. "Ntchito ino ndakalamba nayo, koma kupaka njala pa mwana wokhuta ndayamba lero."

"Ndiye kaneneni."

"Kwa yani? Bwera kuno, tukula manja." Anamuveka diresi long'ambika paphewa, n'kuyamba kumanga kumsana. "Tamvera, mwana wanga, ndikuuze mmene ntchito ino imayendera. Nkhope ikangolowa m'kamera, yakhazikika. Ukajambula mwana lero akuguba, mawa ujambule yemweyo akuthawa, mkuja yemweyo akugwidwa. Sungasinthe pakati, oonera angadabwe kuti uyu wachokera kuti. A Tcheya anafunsafunsa mpaka anazimvetsa zimenezi. N'chifukwa chake awabweretsa lero m'mawa, osati sabata yatha pamene anthu akanakhala ndi nthawi yodandaula. Kamera ikangozungulira kamodzi, ngakhale mwini kanema alire misozi ya magazi, anawa sachotsedwanso. Sukulu ndi yawo.

"Ndi chimodzimodzi iwe. Nkhope yakoyo ndi tsitsi lakolo zili m'kamera kale. Palibe angakuchotse, ngakhale a Tcheya. Ndaona ana ambiri pantchito ino. Opsa mtima anabwerera kwawo ndi mtima wawowo. Odekha lero akuyenda pa galimoto. Iwe Mulungu wakuponyera chingwe m'dzenje. Gwira ndi manja awiri, usayang'ane amene ali pansi pako, ungagwe."

Tsabola anatembenuka n'kumufunsa.

"Nanga kamera isanazungulire?"

"Isanazungulire palibe chakhazikika. Koma suzumira panja. Dzuwa ilo lafika kale pamalata."

4. Kuseri kwa jenereta

Wotsogolera kanema anali mayi wowonda wa magalasi aakulu. Ana ankangoti Mayi Magalasi. Iye ndiye anasankha Tsabola, ndipo tsiku lina atavulala bondo padenga, anamumanga bandeji ndi manja ake.

Tsabola anamupeza akuyang'ana kumwamba, dzanja lili pachipumi.

"Mayi, awo si ana a pamtaya."

Ananena mokweza. A Tcheya anaika kapu yawo pansi. Mayi Magalasi anamugwira pachigongono n'kupita naye kuseri kwa jenereta, kumene phokoso linkameza mawu.

"Ndikudziwa, Tsabola."

"Mukudziwa?"

"Ndaona nsapato zawo."

Tsabola anayembekezera kuti adabwa, akwiya, aitanitsa anthu. Zimenezi sanaziyembekezere. Anachotsa chigongono chake m'dzanja la mayiyo.

"Dzulo a Tcheya anandiuza poyera," anatero Mayi Magalasi. "Ana awo alowe, apo ayi malole atuluke m'dera lino. Ndalimbana zaka zambiri kuti kanema uyu apangidwe. Ndagogoda zitseko mpaka zala kutupa. Akatuluka, anthu ambirimbiri adzaona zimene akuba amachitira ana ngati iwe. Adzathandiza ana ochuluka kuposa amene aima pachingwewo. Nthawi zina umataya kakang'ono kuti upulumutse chachikulu. Ukadzakula udzamvetsa."

"Ana ochulukawo ali kuti? Ine ndikuona awa."

"Tsabola."

"Uyo wavala sikipa yofika m'mawondoyo ndi mng'ono wanga. Ndiye kakang'ono kotayako?"

"Ndidzamuganizira mwapadera. Ndikulonjeza."

"Munalonjeza kale. Pamaso pa anthu." Tsabola anapitiriza. "Munandipatsa mawu oti ndiloweze. Ndawanena pamtaya, ndawanena kubafa, mpaka amalume kundiletsa. Lero pageti paja ndikuwe kuti wakuba ndi womugwirira thumba ndi amodzi. Eti? Ndikamanena ndiyang'ane ndani, mayi?"

Nkhope ya Mayi Magalasi inauma. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Dzuwa lafika," anatero. "Kaime pamalo pako."

5. Sizasi

Pamsewu anali atalemba mzere wa choko. Tsabola anaima pamenepo. Pambuyo pake anandandalika ana opakidwa aja, akunyang'ama chifukwa cha miyala yobaya kumapazi. Patsogolo kamera inamuyang'ana ndi diso lake limodzi.

"Chete nonse!" anakuwa wothandizira wa Mayi Magalasi.

Dera lonse linati zii. Wogulitsa madzi anasiya kuitanira. Munthu wa kathabwa kowomba, kamene kamayambitsa kujambula, anabwera patsogolo pa kamera n'kukatsegula kukamwa. Mayi wazovala anathamangira kwa Tsabola kudzakonza tsitsi limene mphepo inagwetsera kumaso.

Kuchingwe, Jekete sankalira. Anangogwira chingwecho ndi manja awiri, akuyang'ana.

Mu bata limenelo Tsabola anamva kunong'ona kumbuyo kwake. Anali mwana wa a Tcheya, akuuza mnzake.

"Chijekete ichi chikununkha. Mwini wake anafera momwemu kapena?"

Mnzakeyo anaseka m'mphuno.

Tsabola sanatembenuke. Sizasi ya mayi wazovala inkalendewera pafupi ndi chibwano chake. Anaigwira n'kukoka, kachingwe kanaduka. Ndi dzanja lamanzere anafumbata tsitsi la pamphumi, nalowetsa sizasi patsinde penipeni.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wazovala.

Sizasi inalira. Inaliranso. Tsitsi lofiirira linagwera pachoko. Anafumbata lina pamwamba pa khutu, lina pakati pa mutu.

"Ayi! Mugwireni!" Mayi Magalasi anagwetsa mpando podzuka.

Pamene Wachingwe ankamufika, theka la mutu linali mbee, khungu likuoneka malo ndi malo. Tsabola anamulozetsa sizasi, osati momuopseza, koma ngati akumubwereka. Mnyamatayo anaima osadziwa chochita. Wojambula anadzutsa mutu kuseri kwa kamera. Kathabwa kaja kanali chikhalire chitsegukire. Sikanaombe.

"Jambulani tsopano," anatero Tsabola. Kenako anakuwa kuti amve ndi a kumapeto. "Jambulani! Mukufuna ana olimbana ndi mbava? Awo ali kunja kwa chingwe! Mbava ili pansi pa ambulera ikumwa tiyi wanu!"

Woyamba kuyankha anali mayi wa madzi uja.

"Uyo ndi mwana wa a Tcheya! Timamudziwa, amapita kusukulu pa galimoto!"

"Uyo wa mlamu wawo!"

"Wa abutchala uyo! Mupukuteni muone mafuta!"

Msewu wonse unawira. Chingwe chinayamba kugwedezeka. Jekete anawerama, nadutsa pansi pake, nayenda molunjika mpaka kwa mwana wa a Tcheya. Anangotambasula dzanja. Mtsikanayo anayang'ana bambo ake, anayang'ana khamu, kenako anavula jeketelo n'kuliponya pansi, misozi ikulemba mizere m'makala a m'masaya. Jekete analitola, analikutumula, analivala pamwamba pa sikipa, n'kuyamba kumanga mawaya ake mmodzimmodzi.

6. Mzere umodzi

Mayi Magalasi anaima patsogolo pa Tsabola, akuyang'ana mutuwo. Milomo yake inali itayera.

"Wigi?" Mayi Magalasi anafunsa mayi wazovala osamuyang'ana.

"Tsitsi lopsa ndi dzuwa chotere silipezeka m'sitolo, mayi. Ndiponso kamera yanuyo imaona ndi nsabwe yomwe."

Mayi Magalasi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Atalankhula, analankhula motsitsa, ndipo zinali zoopsa kuposa kukuwa.

"Zonse tinajambula zija zafa. Za padenga, za mumgolo, za kuchipatala. Thukuta la anthu onsewa wagwetsera pachoko apa. Tiyambiranso pachiyambi. Ukudziwa tanthauzo lake? Palibenso nkhope yokhazikika. Ya awa ayi. Yakonso ayi. M'mawa uno sindikanatha kukuchotsa ngakhale ndikanafuna. Tsopano ndingathe."

Tsabola sanaganizeko zimenezo. Iye ankangofuna kuti kamera isazungulire. Mphepo inazizira pamutu pamene panalibe tsitsi.

"Ndiye ndichotseni," anatero. Mawu anatuluka aang'ono. Anabwereza mokweza. "Ndichotseni. Koma musankhe poyera."

Mayi Magalasi anatembenuka. Anayang'ana ana a masikipa oyera, anayang'ana ana a makala, anayang'ana nsapato zija pansi pa benchi. Anakhalitsa pa nsapatozo. Kenako analanda chimkuzamawu kwa wothandizira wake.

"Lero sitijambula. Zimitsani jenereta."

Jenereta inakhosomola n'kuzima.

"Mawa m'mawa mwana aliyense wofuna malo adzaime pano, pamzere umodzi. Popanda makala, popanda womubweretsa. Ndidzasankha ndekha, anthu akuona. Malo onse ndi otseguka." Anatsitsa chimkuzamawu n'kuyang'ana Tsabola. "Onse."

Ana a pamtaya anakuwa, akudumphadumpha. Ena anaombera Tsabola m'manja. Iye sanawayang'ane.

A Tcheya anaimirira n'kusasa nyenyeswa pamalaya. Sanakwiye. Ankamwetulira ngati munthu amene waonerera mpira wokoma.

"Msewu ndi wanu, mayi," anauza Mayi Magalasi. "Ife ndani? Tidzakambirana." Kenako anakodola Tsabola ndi chala. "Mwana wanga, tabwera. Wachita bwino kumeta, kunjaku kukutentha. Amalume ako ndi aja amasoka nsapato pansi pa mlatho, eti? Munthu wabwino kwambiri, wosalankhulalankhula. Paja akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ukawapatse moni."

Anatulutsa foni m'thumba n'kuyamba kuyenda, akuimba kanyimbo ka mluzu.

7. Kumanzere

Tsabola anafuna kuthamanga pomwepo, koma mayi wazovala anamugwira. Diresi la kanema silituluka kunja kwa chingwe. Mfundo za kumsana zinakana kumasuka.

"Mwana iwe," ankangobwereza. "Mwana iwe."

Atavala zake, Tsabola anakankhira Jekete kwa mayi wa madzi. "Mundisungire, amayi, asachoke pambali panu." Kenako anathamanga.

Ali patali anaona lole ya alonda a mzinda, aja amalanda katundu wa ogulitsa m'misewu. Inali itaima pansi pa mlatho. Wogulitsa maloko anali pamalo pake. Wokonza mawotchi anali pamalo pake, akuyang'anitsitsa wotchi imene inali m'dzanja lake. Palibe anawakhudza. Pamalo pa amalume pokha ndi pamene panali mbee, guluu atatayikira pansi.

Bokosi ndi kampando zinali m'lole. Amalume nawonso anali m'lole, atakhala pakati pa alonda awiri, nsapato ya munthu ili m'manja, singano ili chibayire.

"Amalume!"

Anatembenuka. Anayang'ana mutu wake nthawi yaitali.

"Wakumeta ndani?"

"Ndekha."

"Zikuoneka."

Lole inalira n'kuyamba kuyenda. Tsabola anagwira chitsulo chakumbuyo, akuthamanga nayo, akutukwana alondawo ndi mawu onse amene anaphunzira pamtaya. Mmodzi anakweza ndodo pamwamba pa zala zake.

"Siya!" anakuwa amalume. Chibadwire Tsabola anali asanawamvepo akukuwa. "Siya lole! Kamera yazungulira?"

"Ayi! Asankhanso mawa! Ndi ine ndemwe!"

"Ndiye wayamba kale, umalize. Mawa mukaime pamzerepo nonse awiri. Usanditsate. Wamva?"

Zala zake zinamasuka. Anaima pakati pa msewu, chifuwa chikukwera ndi kutsika, njinga zikumulambalala.

Lole inafika pamphambano. Aliyense m'deralo ankadziwa kuti katundu wolandidwa ndi eni ake amapita kumanja, ku ofesi ya alonda.

Inakhotera kumanzere, kumene kunalibe ofesi iliyonse.